Kunsi kwa Tchalitchi cha Amalume

Mukatsika minibasi pa Chinamwali n'kufunsa kuti kwa Raymond wa mabokosi n'kuti, ngakhale wakabaza woti wayamba dzulo akulozerani. Ndimakhoma zitseko, mabedi, makabati, koma anthu anasankha kundidziwa ndi mabokosi a maliro basi, nanga ndingatani? Zaka makumi atatu ndili ndi pulena m'manja, ndipo sikudzitama ayi, dzanja langa ndi labwino. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti zomwe ndinachita sindinazichite chifukwa chosadziwa matabwa. Ndinkawadziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake zimandiwawa mpaka lero.

Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi amalume, a Gilson, alongo awo a mayi anga. Bambo anapita ku Joni ine ndikadali kumsana ndipo kalata yawo tikuidikirabe, choncho amalumewo ndiwo anandilera. Maso atawathera, achipatala n'kunena kuti palibe chochita, ndinakawatenga kwathu ku chilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa, n'kudzakhala nawo kuno. Tsiku lonse ankakhala pa benchi pakhomo pa shedi yanga, ndodo pakati pa miyendo, kumvetsera. Ndikangomenya msomali mopendekera, iwo ali, "Wapinda umenewo, zula." Ndikadula thabwa losauma, ali, "Laliwisi ilo, ukufuna mwiniwake adzakutukwane?" Makasitomala ankaseka, ine ndinkapsa mtima, koma sanaphonyepo ndi kamodzi komwe.

Pempho lawo linali limodzi, ndipo ankalinena pafupifupi sabata iliyonse.

"Iwe Remo, ndikadzafa bokosi udzakhome wekha. Ukatero mudzandilowetse m'tchalitchi changa, ndidzagone pafupi ndi guwa mpaka Misa itatha. Zinazo mudzachite zomwe mukufuna, kaya mudzandiponya m'nyanja zanu izo."

"Amalume, inu mudzatikwirira tonse."

"Ndati wamva?"

"Ndamva, amalume. Mudzalowa."

Tchalitchi chimene ankati n'chawocho ndi cha Petulo Woyera, cha m'mudzi mwathu ku Chisiko. Chinali cha matabwa okhaokha, kuchokera pansi mpaka kokolekera belu. Anachimanga amalume awo a amalumewa pamodzi ndi Burazala wina wa ku mishoni, a Gilson ali mnyamata wongoyamba kugwira sowo. Matabwa ake anali a mkungudza, ochekedwa ndi manja pamwamba pa phiri la Zomba, anthu n'kuwasenza pamutu mpaka pa doko la Kachulu, kenako pa mabwato. Munalibe msomali ndi umodzi womwe m'mafupa ake, chifukwa mphepo ya pa Chilwa ili ndi mchere, chitsulo chimachita dzimbiri msanga. Analumikiza ndi zikhomo za mtengo. Ukalowa m'mawa chitseko chikangotsegulidwa, fungo la mkungudza linkakulandira, ndipo kwaya ikaponda pansi tchalitchi chonse chinkayankha ngati ng'oma.

Chinthu china chomwe alendo ankadabwa nacho n'choti tchalitchicho sichinakhudze dothi. Chinakhala pa miyala ikuluikulu makumi awiri ndi inayi, ndipo kunsi kwake kunali mpata woti munthu n'kukwawa kuchokera kuchitseko mpaka kutulukira kuseri kwa guwa. Mphepo inkadutsa mmenemo usana ndi usiku. Mbuzi nazo zinkadutsa, n'kugona momwemo, n'kusiya zomwe mbuzi zimasiya.

Loweruka loyandikira chikondwerero cha Petulo Woyera, kumapeto kwa Juni, tinkalitchula kuti tsiku la phulusa, ngakhale silikhudzana ndi phulusa la pa Lenti lija. Amayi a m'miphakati yonse ankasunga phulusa la kukhitchini kwa mwezi wathunthu n'kubwera nalo m'malichero. Amalume ankavula malaya, n'kutenga kachibonga ka phingo komwe anawasiyira amalume awo, n'kulowa kunsi. Mtanda uliwonse ankaugogoda n'kumvetsera. Akapeza njira ya chiswe ikukwera pamwala ankaipala, n'kuthira phulusa kuzungulira mwalawo, kenako mwala wina. Ankalowa dzuwa likutuluka, n'kudzatuluka litapendeka, ali mbuu thupi lonse, maso okha psuu. Ine ndinakula ndikuziona zimenezi ndipo sizinkandivuta. Zinayamba kundivuta nditakhala m'tauni.

Munali mu 2012. Nthawi imeneyo ndinkaimba besi m'kwaya ya kuno ku Zomba, ndipo ndine ndinawakopa anzanga kuti tikaimbe pa chikondwerero kwathu. Zoona zake, ndinkafuna kuonetsa tchalitchicho kwa mtsikana wina wa soprano, mphunzitsi wa ku Masongola, dzina lake Jacqueline. Tinafika Loweruka masana titavala mayunifomu athu oyera, ine nsapato zopolisha. Tikuyandikira tchalitchi, tinangoona miyendo ikutuluka chafutambuyo kunsi kwake, kenako msana, kenako mutu wa imvi wodzaza ndi ukonde wa akangaude. Kabudula wawo anali atang'ambika kumbuyo, manyi a mbuzi atamatirira m'mawondo. Anyamata a tenala anaphulika kuseka. Jacqueline anandigwira mkono nati, "Mayo ine, wamisala uyo akutani kunsi kwa tchalitchi?"

Mukudziwa zomwe ndinayankha? Ndinati, "Ndi mkulu wina wa m'mudzi muno."

Ndinawakana amalume anga pakhomo pa Petulo penipeni, ndipo tambala sanavutike n'kulira komwe. Amalume anamva kapena sanamve, sindikudziwa. Anangopukuta manja pakabudula n'kupita kukasamba kunyanja. Madzulo ake Jacqueline atadziwa kuti anali ndani, analira, n'kukagwada pamaso pawo kupepesa, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala mwana wawo kuposa ine. Ndi mayi a kunyumba kwanga pano. Iye nkhaniyo anaimaliza tsiku lomwelo, koma ine inandikhala pakhosi ngati munga wa mlamba.

Ndinadziuza kuti ndikuwamvera chisoni. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri azikwawa m'manyi a mbuzi, mphwake ali ndi shedi m'tauni? Ndinapita kwa akomiti ya tchalitchi n'kuwauza kuti ndimanga khoma la njerwa kuzungulira kunsi konse, lopaka pulasitala ndi laimu, ndi masitepe a simenti kutsogolo, tchalitchi chioneke ngati cha anthu. Anaomba m'manja. Ndinkadziwa kuti amalume akana, choncho ndinawaitanira kuno ndi bodza loti adokotala a maso akuwafuna, n'kuwasunga masabata awiri uku omanga akugwira ntchito. Njerwa zinawoloka pa boti maulendo asanu ndi atatu.

Titabwerera nawo, amayi anatilandira ndi nthungululu. Khoma linali mbee, lowongoka bwino, ndipo ine chifuwa chinali kutsogolo. Amalume anazungulira tchalitchi chonse dzanja lili pakhomalo. Atafika pomwe anayambira anaima.

"Wachitseka mphuno," anatero. "Chizipuma bwanji?"

"Amalume, mkungudza chiswe sichidya. Munandiphunzitsa ndinu."

"Makoma ndi mkungudza. Nanga mitanda ya pansi? Mkungudza unatha tisanafike pansi, tinaikapo mitengo ya konkuno. Unalipo iwe?"

"Simenti imeneyi chiswe sichingaboole."

"Chiswe sichiboola simenti, chimakwera kuseri kwake komwe iwe sukuona. Siyako kakhomo, Remo, kongokwana munthu mmodzi."

"Mbuzi zilowanso."

"Mbuzi zinadyapo tchalitchi?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandikwiyitsa. Ndinati khoma latha, silikhudzidwanso, ndipo iwo apume, akalamba. Ndinawayankha choncho amalume anga, pagulu. Chaka chotsatira, pa tsiku la phulusa, anazungulira kunja kwa khomalo akuwaza phulusa m'mbali mwake, ana akuwatsatira m'mbuyo. Chaka chinacho amayi atatu okha ndi amene anabweretsa malichero. Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga ndipo mwambowo unafera pomwepo.

Zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa. Nyanja inaphwa anthu n'kumapita ku Chisi pa njinga, inadzazanso, kenako kunabwera chimvula cha namondwe chija madzi mpaka kufika m'minda. Ine khoma langa ndinkalinyadirabe. Ndikapita kwathu ndinkalipaka laimu watsopano.

Tsiku lina mu Febuluwale chaka chatha, ndikupala chitseko, foni inalira. Anali mchemwali wanga Consolata, amene anatsala pamudzi ndipo ndi wapampando wa amayi pa tchalitchipo.

"Achimwene, muli panokha?"

Ndinayang'ana pa benchi. Amalume anali atatembenuzira kale khutu kwa ine. Ndinatuluka mpaka kuseri kwa chigayo.

"Dzulo pa Misa mwendo wa mayi wina wa kwaya unalowa pansi mpaka m'bondo. Thabwa linangoti phwa ngati chikwatu. Abambo mfumu atseka tchalitchi, akuti munthu asalowemonso. Tikupempherera pansi pa mlambe."

Nditabwerera amalume anafunsa kuti anali ndani. Ndinati kasitomala.

M'mawa mwake ndinakwera galimoto ya ku Kachulu nditatenga hamala yaikulu ndi tochi. Nditafika ndinagumula khoma langa kumbali ya kum'mawa, bowo longokwana mapewa. Mpweya umene unatuluka mmenemo, abale inu, wofunda, wonunkha chinyontho ngati m'nkhokwe yovunda. Ndinalowetsa mutu n'kuyatsa tochi. Kuseri kwa khoma lonse kunali njira za chiswe, zofiira, zonenepa ngati zala, kukwera kuchokera m'dothi mpaka m'mitanda. Pena chinali chitamanga chulu chenicheni chofika m'matabwa a pansi. Ndinabaya mtanda umodzi ndi tchizulo, tchizulo inalowa yonse mpaka chigwiriro popanda kukankha. Ndinakhala pansi pomwepo, Consolata ataima kumbuyo kwanga. Sanandinene. Bola akanandinena.

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Nditabwerera ku Zomba ndinapita kwa a Stambuli, amene amandigulitsa matabwa chiyambire, Msilamu wa pa Chikanda wodziwa ocheka matabwa onse a m'phirimu. Ndinawaonetsa zithunzi za pa foni. Anaziyang'ana nthawi yaitali akukoka ndevu.

"A Raymond, tiyeni tikwere mukaone nokha, mungadzati Stambuli anandimana."

Tinakwera pa lole yawo, msewu wokhotakhota uja, mpaka kupitirira damu. Kumene amalume ankati kunali mikungudza yoti anthu awiri osaikumbatira, tinapeza zitsa ndi paini wamng'onomng'ono, wina wopsa ndi moto wolusa. Anyamata ankatsika ndi matabwa pamutu, aawisi, utomoni ukudontha. Ndinafunsa ocheka matabwa anayi ngati angandipezere mitanda khumi ndi iwiri ya mtengo wolimba, yotalika mamita asanu ndi limodzi. Wina anandiseka, wina anati mwina ku Mozambiki.

Pobwerera tinaima pamalo pomwe chigwa chonse chimaonekera. Kunja kunali kowala, nyanja ya Chilwa ikuoneka kutali uko, chilumba chathu chili pakati pake.

"Ngakhale mutaipeza mitandayo," anatero a Stambuli, "muilowetsa bwanji? Muyenera kunyamula tchalitchi chonse m'mwamba, ndipo chiswe chalowa kale m'nsanamira, ndaona pa chithunzi chachitatu chija. Inu ndinu mmisiri, mukudziwa. Kumeneko sikukonza, n'kumanga china. Auzeni akuluwo."

"Ndiwauza bwanji?"

"Ndi pakamwa pomwe munawauzira kuti apume."

Nkhani ya khoma ndinali nditawafotokozera ndekha, ndiye sindikanawakwiyira. Abambo mfumu nawo ananena zomwezo, kuti mvula ikatha chaka chamawa adzachiphwasula chisanagwere anthu, n'kuyamba kuumba njerwa.

Koma sindinawauze amalume. Miyezi inayi yathunthu ndinkadya nawo mbale imodzi ndikuwanamiza. Akafunsa za kumudzi ndinkati kuli bwino. Akanena za bokosi ndi guwa ndinkati mudzalowa, amalume. Jacqueline anandiuza kangapo konse kuti zimene ndikuchitazi n'zoipa kuposa khoma lija. Ine ndinkati ndikuwateteza, mtima wawo ndi wofooka. Iye anati, "Paja ndi khomanso munkawateteza." Sindinamuyankhule masiku awiri.

Juni atafika pakati, amalume anayamba kukana chakudya, miyendo ikutupa. M'mawa wina ndinawapeza atavala jekete lawo la ku tchalitchi, kachibonga ka phingo kali pamiyendo. Sindinkadziwa n'komwe kuti anabwera nako kuno.

"Loweruka likubwerali ndi tsiku la phulusa," anatero. "Undiperekeze."

"Amalume, ulendo wa pa boti ndi thupi limeneli? Komanso tchalitchi akupenta, simulowa anthu."

"Akupenta kuyambira Febuluwale? Iwe, ine maso ndi amene anafa. Kasitomala wanji amene umakamuyankhira kuseri kwa chigayo?"

Jacqueline anali atayamba kale kulongedza chikwama.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa. Pa Kachulu ndinawabereka kumsana kuwakweza m'boti, ndipo ndinachita mantha ndi kupepuka kwawo. Pamadzi ankangonunkhiza mphepo. Titafika, Consolata ndi amayi angapo anatichingamira, ndipo ndinaona kuti awiri anali ndi malichero a phulusa. Consolata anali atawauza kuti amalume akubwera, iwo n'kungosesa m'makhitchini mwawo popanda wowatuma. Nditaona phulusa limenelo ndinayang'ana kumbali.

Amalume anagwira khoma ndi dzanja n'kuyamba kulitsata mpaka anapeza bowo lija. Analipapasa m'mbali mwake.

"Kakhomo kaja wasiya tsopano," anatero.

Anavula jekete n'kupatsa Jacqueline, anavula malaya, n'kugwada.

"Amalume, simungalowe, chikhoza kukugwerani!"

"Ngati ukuopa tsala."

Analowa. Ndinavula nsapato n'kuwatsatira ndi tochi, ngakhale woifuna tochiyo ndinali ine ndekha. Iwo ankadziwa pamene pali mwala uliwonse. Ankakwawa pang'ono, n'kupuma, chifuwa chikulira, n'kukweza kachibonga. Mtanda wamoyo ukaugogoda umati ngwe, mawu ake amabwerera m'dzanja. Woyamba unati phu. Wachiwiri phu, dothi lofiira n'kuwathothokera kumaso. Sanadumphe ndi umodzi womwe. Ine m'mbuyo mwawo ndinkangoona zidendene zawo zong'aluka, chiswe chikundiyenda m'khosi, mawondo akupweteka, ndipo ndinazindikira kuti pa zaka zanga zonse za ukalipentala aka kanali koyamba kufika pakati pa kunsi kumeneku.

Titafika kunsi kwa guwa anaima. Anagogoda, ndipo pamenepo pokha panati ngwe. Anagogodanso kuti amve bwino.

"Uwu ndi mkungudza," anatero. "Unatsala umodzi, Burazala anati tiuike kunsi kwa guwa. Chikhomo ichi ndinasema ndine, gwira."

Anatenga dzanja langa n'kuligwiritsa. Kanali kachikhomo kosalala, kolimba ngati kakhomedwa dzulo. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinalira ngati mwana, bambo wa ana anayi, chafufumimba m'dothi.

"Amalume, ndinalakwa. Ndachipha ndine tchalitchichi."

"Wachipha, inde." Sananyengerere. "Koma chimene sindinachimvetse mpaka lero n'chimodzi. Iwe matabwa umawadziwa. Unatsekeranji?"

"Sindinkafuna kuti muzikwawa. Anthu ankakusekani."

"Anthu ake ati?"

"A kwaya aja."

"Aja unawauza kuti ndine mkulu wina wa m'mudzi muno?"

Anamva. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala nazo, akudya m'nyumba mwanga, akundiuza za misomali yopinda, osazitchula ndi tsiku limodzi.

Anapezera mpweya, kenako anati, "Ine kuwerenga sindidziwa bwino, Remo. Nyimbo ndimasokoneza, unkandiseka wekha. Pamwambapa pamagwada anthu odziwa mapemphero. Ine panga pogwada panali pano, kamodzi pa chaka, tsiku lathunthu, ine ndi Mwini nyumbayi awiriwiri. Iwe unkaona ngati ndikukwawa."

Ndinati, "Ndikulonjezani, mudzalowabe. Ndiyala matabwa pamwamba kuchokera kuchitseko mpaka kuguwa, ndipempha abambo mfumu, tsiku limodzi lokha."

"Usadzayerekeze. Anthu asanu ndi mmodzi ndi bokosi, pansi pamenepa? Ukufuna maliro anga adzabale maliro ena? Ndagogoda ndekha, sipangapirire." Anatsokomola. "Mudzandiike panja. Koma pafupi ndi bowo lakoli, mphepo ya kunsi kuno izidzandipeza. Tsopano itanitsa phulusalo, mwala uwu wokha tiuthire."

Ndinakwawa kukatenga lichero pabowo n'kubwera nalo ndikulikankha kutsogolo. Anathira okha ndi manja, kuzungulira mwala wa kunsi kwa guwa, bwinobwino osasiya mpata. Potuluka anali atatheratu mphamvu, ndinachita kuwakoka m'khwapa. Titatulukira kunja tonse awiri tinali mbuu, mawondo a buluku langa atang'ambika. Palibe anaseka.

Sanabwererenso ku Chinamwali. Anati atsala kwa Consolata, ndipo anamwalira pa 9 Ogasiti, Lachisanu masana. Bokosi ndinakhoma ndekha monga ananenera. A Stambuli anandipezera matabwa a mbawa owuma bwino, sindikudziwa anawatenga kuti, ndipo sindinamenyemo msomali, ndinasema zikhomo. Linatuluka bwino kwambiri bokosi limenelo, mwina kuposa onse amene ndinakhomapo.

Misa inachitikira panja. Guwa linali tebulo la kusukulu, anthu anakhala pansi pa mlambe, ena padzuwa. Bokosi tinaliika pa mabenchi awiri pafupi ndi bowo lija. Chitseko cha tchalitchi chinali chokhoma ndi loko, mapazi khumi okha kuchokera pamene anagona, ndinawerenga. Misa yonse ine ndinkangoyang'ana loko ameneyo. Munthu anasema zikhomo za tchalitchicho, anachigogoda zaka makumi asanu, anandipempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wake wonse, ndipo anathera pakhomo ngati mlendo wochedwa.

Tchalitchicho anachiphwasula mu Meyi chaka chino. Ndinapita kukathandiza, chifukwa panalibe wina wodziwa kuchotsa zikhomo popanda kung'amba thabwa. Mkungudza wa m'makoma wambiri unali wabwinobwino, fungo lake likadalipo, ndipo abambo mfumu akuti tidzapangire mabenchi a tchalitchi chatsopano. Ndinavomera kuwakhoma. Kachibonga ka phingo kali m'shedi muno, ndinakakoleka pamwamba pa benchi yawo, ndipo sindilola munthu kukhalapo.

Khoma langa lokha ndi limene analisiya, akuti n'lolimba kwambiri, kuligumula n'kutaya nthawi. Likadali pomwepo, loyera, lowongoka, lozungulira miyala makumi awiri ndi inayi popanda kanthu pamwamba pake. Consolata akuti masiku ano mbuzi zimalowera pabowo lija n'kukagona mkatimo.